Tsiku Limene Chilombo Chinakana Kufa

Ndili Fomu 2, madamu athu a Chichewa analemba sewero la tsiku lotsekera sukulu. Nkhani yake inali yosavuta. Chilombo cha miyendo khumi ndi iwiri chikuzunza mudzi, kenako pabwera mnyamata wolimba mtima ndi lupanga, achipha, makolo aombe m'manja. Chilombocho tinali ife, anthu asanu ndi mmodzi, titawerama, aliyense atagwira chiuno cha mnzake, pamwamba atatifunditsa matumba osokedwa pamodzi. Matumbawo tinakapempha kumsika kwa amayi ogulitsa usipa wouma, ndiye fungo la m'katimo lingoganizani. Mutu unali dengu lopaka penti. Ine ndinali kumchira.

Wolimba mtimayo anali pulifekiti wa Fomu 3, mwana wa bwana wina wa ku maofesi a boma amene anasamutsidwa kuchokera ku Lilongwe. Lupanga lake anamusemera kalipentala, thabwa lolemera ndithu. Vuto linali lakuti mnyamatayo sankadziwa kunamizira. Pokonzekera, akati "Ifa, chilombo iwe!" ankamenya zenizeni, ndipo ankalunjika m'miyendo. Sabata isanathe tonse misongolo inali itatupa. Wovutika kwambiri anali mtsikana wa ku Mwaya amene ankanyamula dengu, poti ndiye ankayamba kukumana nalo thabwalo.

Tinakadandaula. Madamu anati, "Chilombo sichidandaula. Bwererani m'matumba."

Titaweruka tinakachita msonkhano kudoko, titakhala pa bwato lovundikira, tikudya chinangwa chokazinga.

"Atipatse malupanga nafenso," anatero wapakati wina.

"Uligwira ndi chiyani, aise? Manja ako ali m'chiuno mwanga."

"Ndiye tizimuthawa."

"Miyendo khumi ndi iwiri m'thumba limodzi? Tigwa ngati nkhuni."

Ine ndinati ndaona zinthu ziwiri. Lupanga limamenya malo amodzi nthawi imodzi, komanso limafuna mpata kuti lizungulire. Ukamuyandikira kwambiri mwini wake, limasanduka thabwa wamba. Koma tingamuyandikire bwanji asanatiswe?

Wa ku Mwaya uja ankayang'ana asodzi akuyanika maukonde. Kenako anafunsa, "Kodi mwana wa ku Lilongweyu chilimira anachionapo?"

Tonse tinasiya kutafuna. Chilimira ndi ukonde wa usipa. Mabwato awiri amatenga mbali zake n'kuzungulira gulu la nsomba mpaka kukumana. Usipa umakhala uli kalikiliki kuyang'ana nyali imene asodzi ayatsa, osaona zimene zikuchitika kumbuyo. Mwana aliyense wa pano amazidziwa asanayambe n'komwe sukulu.

"Ine ndikhala nyali," anatero wa ku Mwaya uja. "Iwe wakumchira ndiwe bwato. Ndikagogoda dengu katatu, palasa."

Tinayeserera pamchenga masiku anayi, opanda matumba, titagwirana ziuno, tikuyenda cham'mbali ngati nkhanu. Onyamula katundu wa padoko ankatifunsa ngati ndi gule watsopano wa kwaya. Kusukulu tinkafa mwaulemu tsiku lililonse, kuti pasakhale wokayikira.

Tsikulo linafika. Makolo anadzaza pansi pa mitengo ya mango, bambo ake a pulifekiti ali kutsogolo ndi tayi. Tinalowa tikubangula. Pulifekiti uja anatulukira, nsapato zikuwala, lupanga m'mwamba.

"Ifa, chilombo iwe!"

Anagwetsa thabwa, koma mutu unali utabwerera kale. Linamenya fumbi. Dengu linagwedezeka uku ndi uku ngati likumuseka. Anatsatira, n'kumenyanso, n'kuphonyanso. Maso ake onse anali padengu. Ndipo ndinamva, go, go, go.

Ndinapalasa. Ndinkangoona pansi, koma chidendene chake ndinkachiona, ndiye ndinachizungulira, anzanga akunditsatira, mpaka phewa langa linagunda dengu. Tinatseka. Kenako tinafinya.

Mkono wake unatsalira m'mwamba, wopanda potsikira. Pansi miyendo khumi ndi iwiri inkavina pa nsapato ziwiri. Fungo la usipa nalo linachita mbali yake.

"Mukutani inu?" ananong'ona. "Ifani! Pakufunika mufe apa!"

"Ifa iweyo," anayankha wa m'dengu.

Kumbuyo kwa makolo msodzi wina wachikulire anaimirira n'kukuwa, "Kokani, ana inu! Zalowa! Kokani!" Anthu anafa ndi phwete. Amayi amene anatipatsa matumba ankaimba nthungululu. Madamu anali pambali akugwedeza pepala la sewero, akukuwa kuti chilombo chife msanga, koma m'matumba, ndikuuzeni, simumveka bwino.

Mkono unatopa. Lupanga linatsika pang'onopang'ono mpaka linagona pamsana panga. Ndinatulutsa dzanja kunsi kwa thumba n'kusolola lupangalo bwinobwino.

"Chabwino, ndagonja! Nditulutseni, mukununkha!"

Tinatsegula. Chilombo chinazungulira bwalo kamodzi, lupanga likugwedezeka kumchira, n'kupita kwawo chili moyo. Bambo a tayi aja sanaombe m'manja, koma ndinawaona kudzera pakabowo ka thumba akupukuta maso ndi mpango, mapewa akugwedezeka ndi phwete.

Chilango chinatidikira mpaka potsegulira sukulu. Ahedi anafunsa amene anayambitsa. Ndinati, "Sala, chilombo n'chimodzi, miyendo ndiyo yambiri." Anayang'ana pawindo nthawi yaitali, akuluma milomo kuti asaseke, kenako anatipatsa zikwakwa zisanu ndi chimodzi kuti titchetche udzu wa kuseri kwa makalasi.

Tinatchetcha titandanda mzere, wa ku Mwaya patsogolo, ine kumapeto. Misongolo inali itapola, ndipo kwa nthawi yoyamba chilombo chonse chinali ndi zida m'manja. Pulifekiti uja anatulukira pakona atanyamula makope. Wa ku Mwaya anagogoda chikwakwa pamwala katatu. Mnyamatayo anatembenuka n'kukadzera ku bwalo la mpira.