Wa gofu wa ku Taiwani amene Bangwe ikudikira kuti amenye munthu

Loweruka lapitali ndinapita ku Bangwe kukaona mlongo wanga, ndipo ndinabwerako ndikudziwa mbiri ya mwamuna wina wa ku Taiwani kuposa mmene ndimadziwira ya agogo anga. Sindinachite kuifuna. Anandigwetseramo ndi alamu anga, a Zuze.

A Zuze anachotsedwa ntchito pa fakitale ina ku Chirimba, nthawi ija mabwana anayamba kutiuza kuti kampani ikachotsa anthu ndiye kuti ikukula. Tindalama totsanzikira tija anagulira sikirini ndi deki, n'kukhoma chisakasa cha zigwagwa kuseri kwa msika, n'kuchitcha vidiyo sho. Banja lonse limadya pamenepo.

Tsoka lake, mkulu wina watsegula yake tsidya la msewu, ya sikirini yaikulu ndi sipika yogwedeza malata, ndipo anthu onse akhamukira kumeneko. Mlongo wanga anandiuza mosabisa kuti mwezi uno zikapanda kusintha akumanga katundu, ulendo wa ku Nsanje kwawo kwa amuna ake, ana n'kusiyira sukulu panjira. Ananena akuseka, koma ine ndinakula naye, kaseko kameneko ndimakadziwa.

Ndiye a Zuze anapeza chipulumutso. Mnzawo wogulitsa kaunjika ku Limbe anapeza tepi m'belo la majekete n'kuwagulitsa. Pachikuto panali mwamuna wa kum'mawa, mano atakukuta, atakweza chindodo chachitsulo kumbuyo kwa mutu, pambali pake zilembo za Chitchaina zotsika ngati makwerero. Inu mukanaganiza chiyani? Kuno kwathu munthu wa kum'mawa akagwira ndodo, tonse timadziwa kuti wina agona kuchipatala.

Kuyesa tepiyo sanayese. Ati kuyesayesa kumatha hedi ya deki. Anangotenga choko n'kulemba pa bolodi la panja: MFUMU YA NDODO YACHITSULO. A MTIMA WOFOOKA ASALOWE.

Masana a Loweruka chisakasa chinadzaza mpaka ena kukhala pansi. Makondakitala, ogulitsa makala, amayi a tomato amene anasiyira anzawo mabenchi, onse. Kutsogolo kunakhala Bonifasi, wowotcherera zitsulo ku Chirimba, mwamuna amene akakupatsa moni dzanja limatsala likudandaula. Ine, monga mlamu, anandiika pafupi ndi sikirini. Mlongo wanga anali pakhomo, nkhope yake ikuwala koyamba mwezi uno.

Tepi inayamba. Panaoneka udzu wobiriwira, wometedwa bwino ngati mutu wa mwana wa sukulu ya mishoni. Kenako mitengo. Kenako mwamuna wa pachikuto uja, atavala chipewa ndi juzi, akuyenda pang'onopang'ono. Anaima, anawerama, anaika kampira koyera pansi.

Anali gofu.

Ndinayang'ana a Zuze. Nawo anali atazindikira, chifukwa thukuta linatuluka pamphumi nthawi imodzi. Koma paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Alamu anga ali ndi chizolowezi choima pambali pa sikirini n'kumamasulira filimu m'Chinyanja, ndipo anthu amawakhulupirira chifukwa anagwirapo ntchito ndi azungu. Anatsitsa mawu a sipika, anakonza kolala, n'kuyamba.

Tsono mundimvetse. Ine ndinali pafupi, ndiye ndinkamva pang'ono zimene mzungu wa m'tepimo ankafotokoza. Inali mbiri ya katswiri wa gofu wa ku Taiwani, dziko la anzathu aja amabwera kudzatiphunzitsa kulima mpunga ndi masamba. Anabadwira m'banja la alimi, pafupi ndi bwalo la gofu limene anthu olemera anamanga. Atakula pang'ono anayamba kunyamulira olemerawo zikwama za ndodo. Madzulo ankadula nsungwi n'kumamenya timiyala m'mphepete mwa mtsinje, kutsanzira zimene waona masana.

Pa sikirini panaoneka chithunzi chakale cha bambo ake ali m'munda wa mpunga.

"Awa ndi bambo ake a ekita," anatero a Zuze. "Aonetsetseni bwino, chifukwa awapha."

Chisakasa chonse chinati, "Ayi!"

Panaoneka mtsinje ndi nsungwi.

"Apa ndi pa tireningi. Mwala uliwonse akumenyawo, akuti ndi diso la amene anapha bambo ake."

"Eya!" anatero Bonifasi, akumenya bondo lake. "Koma ndewu iyambe, a Zuze."

"Ikubwera, bwana. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Mzungu wa m'tepi uja anapitiriza. Mwamunayu atayamba kusewera gofu ngati ntchito, anatha zaka zambiri osapambana kanthu. Ankayenda m'maiko a eni, chilankhulo osachidziwa, akugona m'malo otchipa ndi kuchapa yekha malaya ake. Anzake anabwerera kwawo kukatsegula masitolo. Iye ankadzuka m'mawa uliwonse kukamenya timipira mpaka zikhatho kuchita matuza. Mkazi wake anaoneka akulankhula, akupukuta misozi pokumbukira zaka zimene ankalera ana yekha.

"Mayi awa," anatero a Zuze, "akumuuza kuti usapite, adaniwo ndi ambiri. Iye akuti ayi, magazi a bambo anga sangapite pachabe."

Amayi a tomato anapukusa mitu. Mmodzi anati amuna onse ndi chimodzimodzi, samva.

Kenako mwamunayu anayamba kupambana, ku Japani ndi kwina, akunyamula zikho zonyezimira. A Zuze anati m'zikhomo muli mankhwala. Panaoneka khamu la azungu litaima chete m'mbali mwa bwalo, a Zuze anati amenewo ndi asilikali a bosi, akuopa kuyandikira. Mpira utagwera m'dziwe, anati waponyera ng'ona chakudya kuti zimulole kuwoloka. Ndikuuzeni zoona, panafika nthawi imene ine ndemwe ndinasiya kumvera mzungu uja, chifukwa nkhani ya alamu anga inali yokoma kuposa.

Koma bodza lili ndi malire, ndipo malire ake anali kumapeto kwa tepi.

Unali mpikisano waukulu kwambiri pa moyo wake. Anatsala awiri, iye ndi mzungu wina wamtali. A Zuze anati ameneyo ndiye bosi. Chisakasa chinati zii. Kampira kanali pafupi ndi una, pafupi moti mwana wokwawa akanakakankhiramo. Akalowetsa, zaka zonse za matuza zija zalipidwa. Anawerama, anakankha. Kampira kanayenda, kananyambita m'mphepete mwa una, n'kuima panja.

Mwamunayo anayang'ana kampirako kanthawi. Kenako anavula chipewa, anapita kwa mzungu uja, anawerama pang'ono, n'kumugwira chanza akumwetulira.

"Mumenye!" anakuwa Bonifasi. "Ndodo uli nayo m'manja, mumenye!"

Sanamumenye. Tepi inamuonetsa atakalamba, ali kwawo, akuphunzitsa achinyamata kagwiridwe ka ndodo. Kenako zilembo zinayamba kukwera.

Bonifasi anaimirira. Thabwa limene anakhalira linali losakhomera, ndipo ndinaona dzanja lake likulifunafuna. Ena kumbuyo anayamba kukuwa kuti atipusitsa. Ndinayang'ana sikirini, ndinayang'ana mlongo wanga pakhomo paja. Anali atagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Thabwa limodzi pa galasi lija, ulendo wa ku Nsanje unali utakwana. Ndinachita mantha, sindikubisirani.

A Zuze anakweza dzanja ngati wansembe.

"Khalani pansi, abale anga. Mwaona mmene wamugwirira chanza? Amamuyeza mphamvu. Imeneyi inali pati wanu, gawo loyamba chabe. Ndewu yeniyeni ili mu pati thuu, Lachitatu masana. Bwerani ndi anzanu."

Kenako Bonifasi anasiya thabwa lija. "Ndinadziwa," anatero. "Kumwetulira kuja sikunali kwabwino."

Anthu anatuluka akukambirana mmene bosi adzafere.

Tsono, owerenga anzanga, musathamangire kuseka anthu a ku Bangwe. Sekani, koma musiyeko pang'ono za inu eni.

Kodi si ife tomwe tinadzaza mabwalo zaka zapitazi, pamene zipani zinabwera ndi zikuto zokongola? Aliyense anali atakweza chindodo, mano atakukuta, akuti umphawi augwetsa ndi nkhonya imodzi. Tinalowa, tinakhala pa mabenchi. Mpaka lero tikuonera anthu ovala bwino akuyenda pang'onopang'ono pa udzu wometa, wina akuwanyamulira chikwama. Tikafunsa za mankhwala m'chipatala, akuti ikubwera, bwana. Tikafunsa za msewu wa ku Machinjiri umene umameza minibasi dzinja lililonse, akuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndipo taonani, chisankho china chayandikira, omasulira ayamba kale kukonza makolala. Akuti zimene munaonazo inali tireningi chabe. Ntchito yeniyeni ili m'gawo lachiwiri.

Chimene chikundipweteka kwambiri ndi china. M'chisakasa muja munadutsa nkhani yabwino, ndipo palibe anaimva. Mwana wa mlimi anasankha chinthu chimodzi n'kuchichita moyo wake wonse, osatukwana munthu, osalonjeza munthu kanthu. Tsiku limene chinthu chimene anachifunitsitsa chinamupulumuka anthu onse akuona, anavula chipewa n'kuyamika amene wamuposa. Ndi angati mwa atsogoleri athu angachite zimenezo? Kuno munthu akagonja ngakhale pa mpando wa komiti ya mpope, amati amubera, ndipo mpopewo umagona wothyoka.

Koma tisanamizire atsogoleri okha. Munthu wotero atabwera kwathu kuno kudzapempha voti, tingamumvere? Ayi ndithu. Tingati ndi wozizira. Ku msonkhano timapita kukamva amene atukwane mnzake mokoma, ndipo wolankhula za manyowa ndi mabuku a ana timamusiya akulankhula ndi mipando. Ife timafuna ndodo igwere pamutu pa munthu. A Zuze sanatipange kukhala otero, anangotipeza tili choncho n'kutigulitsa zimene timagula.

Anthu atatuluka ndinawakokera pambali.

"Alamu, pati thuu mukaitenga kuti?"

"Ili momwemo m'dekimo," anatero akupukuta thukuta.

"Tepi yomweyi?"

"Nanga udzu si udzu, alamu? Ndingoyambira pakati."

Ndinawauza kuti Bonifasi adzawapha. Anandiyankha kuti njala ya ku Nsanje nayo imapha, koma siyiyamba yakhala pansi kumvetsera. Ndikanawauza chiyani, ine amene ana anga akudya?

Lachitatu ndinathawa ku ntchito masana n'kukwera minibasi ya ku Bangwe. Ndinadziuza kuti ndikupita kukateteza mlongo wanga, ngakhale thupi langali silingateteze ndi nkhuku yomwe. Ndinapeza mzere utafika pa msewu. Vidiyo sho ya tsidya lija inali ikulira yokha, mwini wake ataima pakhomo manja m'thumba. Bonifasi anabwera ndi anzake a ku ntchito, gulu lonse, atawauza kuti filimu yoteroyo sanaionepo chibadwire.

Tepi inayambira pakati. Udzu womwewo, juzi yomweyo, dziwe lomwelo. A Zuze anati tsopano ng'ona zija zakhuta, ekita wawoloka, ali m'dziko la bosi. Anthu anaombera m'manja.

Ine maso anga anali pa Bonifasi. Pamene mkazi uja anaonekanso akupukuta misozi, ndinaona nkhope yake ikusintha. Anatsamira kwa ine n'kunong'ona.

"Akulu, mayi awa sanalire chonchi Loweruka?"

Anayang'ana sikirini, anayang'ana anzake amene anawakokera kuno, onse pakamwa pali yasa. Mmodzi wa iwo, wachipewa cha ulusi, anati, "Boni, koma ndewu ija ibwera? Mwamunayu akungoyendayenda."

Apa ndiye ndinagwira mpando. Bonifasi ankadziwa. Mawu amodzi okha, sikirini ikanasweka.

"Khala chete iwe," anatero Bonifasi mokweza. "Sumadziwa mafilimu. Amayamba wamuyeza mphamvu."

Ndipo kampira katanyambitanso una n'kuima panja, chipewa chitavulidwanso, amene anaimirira kuuza anthu kuti ndewu ili mu pati fili, gawo lachitatu, sanali a Zuze. Anali Bonifasi.

Mlongo wanga wamasula katundu wake, ana apitiriza sukulu, ndipo ine monga mlongo ndasangalala kuchokera pansi pa mtima. Koma m'minibasi pobwerera ndinalingalira za Bonifasi njira yonse. Wonama amatopa, tsiku lina mawu amamuthera. Amene satopa ndi uja ananamizidwa n'kuitanirako anzake, chifukwa kuvomera kuti anapusitsidwa kumamuwawa kuposa kupusitsidwanso.

Ndiye pamene mukuchapa malaya a chipani kukonzekera misonkhano ikubwerayi, ndikufunseni inu amene munakokera mudzi wonse ku chisankho chapita chija. Mukamakuwa kuti tiwapatsenso mpata, n'chifukwa choti simunaone kuti tepi ndi yomwe ija, kapena mukuopa maso a anzanu amene munabwera nawo?