Kawiri, Kawiri, Katatu

Mlamu wanga ali ndi zaka 67. Ndi wowotcherera zitsulo, ndipo kwa zaka makumi atatu wakhala akuimba lipenga lokoka m'gulu la jazi la anthu 18. Anzake amamutcha Chipaipi. Amakhala mzere wakumbuyo, kumapeto, pafupi ndi khomo. Manotsi a nyimbo sadziwa kuwerenga. Pepala amangoliika patsogolo kuopa manyazi, koma amaimba ndi khutu.

Chaka chatha gululo linaganiza zojambula chimbale cha nyimbo zamakolo za m'mayiko osiyanasiyana, zoimbidwa mwa jazi. Wotsogolera gululo, mayi wophunzira kwambiri za nyimbo, anamuitanira pambali.

"Madala, ku situdiyo tonse timalowa m'chipinda chimodzi. Mmodzi akaphonya, tonse timabwereza. Nyimbozi n'zachilendo. Lachisanu mukalephera, mpando wanu ndipatsa wina."

Mlamu wangayo anabwera kwathu nkhope itagwa. Ndinamuuza kuti angopuma, wakula.

"Alamu, inu munapuma, taonani mimbayo," anandiyankha.

Lachisanu anakumana m'holo kudzayeserera nyimbo ya abusa a nkhosa a kumapiri akutali. Iwo anazolowera nyimbo zogunda kanayi. Iyi inkagunda kasanu ndi kawiri. Owerenga manotsi onse anasokonezeka. Wang'oma ankawonjezera kugunda kumodzi kuti zikwane, a malipenga aafupi ankalowa mochedwa. Kasanu konse nyimbo inafera pakati.

Chipaipi anakweza dzanja. "Mayi, nyimboyi inabadwa yotsimphina. Inu mukufuna kuiwongola mwendo."

"Werengani pepala, madala," anatero wang'oma.

"Iwe wawerenga kasanu. Wafika kuti?"

Kalelo ku shopu yowotcherera zitsulo, Chipaipi anagwira ntchito zaka khumi ndi mmisiri wina wochokera kutsidya kwa nyanja, yemwe ankamenya nyundo motsimphina chomwecho tsiku lonse, uku akung'ung'udza nyimbo za kwawo. Tsopano anatulutsa sipanala m'thumba la ovolosi n'kuyamba kumenya mwendo wa mpando wachitsulo. Kawiri, kawiri, katatu. Kawiri, kawiri, katatu. Anawauza kuti avundikire mapepala, aimirire, azungulire holoyo potsata sipanalayo. Anthu a madigiri anayenda ngati abakha mpaka miyendo inamva. Atabwerera pamipando, nyimbo inatuluka yonse osaduka.

Wotsogolera sanapepese. Anangoti, "Sipanalayo mubwere nayo ku situdiyo."

Nyimboyo anaijambula kamodzi kokha. Ndiyo yoyamba pa chimbalecho. Imayamba ndi chitsulo chokhachokha, kenako lipenga la Chipaipi, kenako anzake onse amalowa pamodzi mpaka mawindo kunjenjemera. Ndinaimvera pa wailesi ya m'khitchini mwawo. Mlongo wanga, mkazi wa Chipaipi, amene wakhala akudandaula za phokoso la lipengalo chikwatiwire, anakweza wailesi mpaka mapeto n'kutsegula zitseko kuti oyandikana nawo amve.

Chimbalecho chinatamandidwa m'manyuzipepala akunja ndipo chinalandira mphoto. Mtolankhani wina anaimba foni ku shopu kufunsa kuti chida chachilendo chija n'cha dziko liti.

"Muuzeni ndi saizi 17," anatero Chipaipi, osavula n'komwe magalasi owotcherera.

Mwezi wamawa gululo likukaimba m'mayiko atatu. Pasipoti yoyamba ya Chipaipi inatuluka Lolemba.