Msana wa Amayi

Amayi anayamba kufupika ine osazindikira. Tsiku lina ndinawapeza pabenchi pawo mumsika wa ku Old Town, pamene ankagulitsa tomato ndi anyezi, ndipo ataimirira ndinaona kuti ndikuyang'ana pamwamba pa duku lawo, chonsecho kale mapewa athu ankalingana. Ndinawaseka kuti akubwerera ku umwana. Iwo anati nsapato zanga za ku ofesi ndi zimene zikundinamiza.

Moyo wawo wonse unali wosenza. Madengu a tomato, zidebe za madzi, matumba a makala, nkhata ili pamutu, khosi lili njo. Kumbuyo kwawo tinakulirako tonse, ndipo ana a achimwene anga anadzerako komweko. Kwathu mwana akamatuluka m'chikuta, mchombo utagwa, womubereka koyamba n'kupita naye panja amakhala agogo ake. Ntchito imeneyi amayi ankainyadira kuposa malonda. Ine ndinachedwa kuona mwana, ndipo anandidikira osandifunsa kanthu.

Ndili ndi pakati potopa, anayamba kudzuka pampando atagwira khoma. Ndinachita kuwakokera kuchipatala, akulalata njira yonse kuti tomato aola.

Adokotala anali mayi wofatsa, wolankhula mosathamanga. Anapachika chithunzi cha mafupa pagalasi lowala, ndipo kanali koyamba kuti ndione mkati mwa mayi anga. Ine ndinkayesa msana ndi fupa limodzi lalitali. Si choncho ayi. Ndi timafupa tosanjikizana ngati mbale, kuyambira pansi pa chigaza mpaka m'chiuno, ndipo pakati pa tiwiri tilitonse pali kamnofu kofewa kotchinjiriza. Nthiti zimayambira pa timafupa tomweti, n'kuzungulira kukakumana kutsogolo pachifuwa. Mutu, pamodzi ndi chilichonse chimene munthu wasenza, kulemera kwake kumatsikira pamenepo. Ndinayang'ana chithunzicho n'kuganiza za madengu onse aja.

Adokotala analoza cha kumunsi kwa nthiti. Timafupa ta pamenepo tinali titafinyika kutsogolo, ngati buledi womukhalira.

"Mayi, mafupa anu afewa," anatero. "Kusenza kuthere pano. Mukalimbikira, ena aphwanyikanso, ndiye kuyenda kudzakuvutani."

"Nanga mwana?" amayi anafunsa, akuloza mimba yanga ndi chibwano.

"Muzidzamufukata mutakhala pansi. Kumbuyo ayi."

Tinakwera galimoto kubwerera kunyumba. Tinadutsa ku City Centre mpaka kufika kwanga ku Area 14. Ndikutsegula geti ndi pamene anati, "Dokotala wako uja, ali ndi mdzukulu?"

Ndinakwiya nawo, ndisaname. Chithunzi chija chinandikanirira m'maso, moti akawerama kuti atole supuni mtima wanga unkalumpha. Ndinawabisira dengu, ndinawaletsa kusesa, ndipo iwo ankandiyang'ana ngati mwana wopanda mwambo. Komanso ndinkawadziwa. Ndikanati mwana wanga amubereke wina, akanamwetulira, n'kuthokoza, n'kubwerera kwawo atatha mumtima. Ndinkaopa kuwathyola msana, ndinkaopanso kuwalanda chimene anachidikira nthawi yonseyo, ndipo sindinkadziwa choopsa kwambiri n'chiti.

Mwana anabadwa wamkazi, wojintcha ndithu. M'mawa wa tsiku lotuluka m'chikuta apongozi anga anafika atakonzeka, poti ndinali nditawanong'oneza za adokotala. Anatambasula chitenje, koma amayi anatambasulanso dzanja.

"Asewere, bweretsani kuno," anatero mwaulemu. Apongozi anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi, ndipo anachipereka.

Amayi anawerama pang'onopang'ono, dzanja limodzi lili pabondo. Ndinamugoneka mwanayo kumbuyo kwawo, ndipo zala zanga zinakhudza timafupa tija pansi pa bulauzi, tili totumphuka, pamene msana unapindikira. Anakulunga chitenje, n'kumanga mfundo pachifuwa mwachangu monga mwa masiku onse. Poweramuka ndinamva mpweya wawo ukuduka.

Ndinaima kumbuyo kwawo, n'kulowetsa dzanja pansi pa matako a mwanayo, n'kumunyamula m'mwamba pang'ono, kuti chitenje chingomuphimba koma kulemera kukhale kwa ine. Tinatuluka choncho pakhomo, iwo patsogolo akumuimbira mwanayo chapansipansi, ine pambuyo ndikuponda pamene aponda, ndikunamizira kukonza kachipewa kake. Apongozi analuluta. Mkono wanga unayamba kunjenjemera tisanafike n'komwe pakati pa bwalo.

Pafupi ndi geti amayi anaima kuti apume. Sanacheuke.

"Ukuyesa sindikumva kuti wagwira?" anatero, mawu otsika kuti ena asamve.

Ndinayamba kubweza dzanja, ndikudikira kukalipiridwa.

"Ayi, mwana wanga," anatero. "Usachotse."