Chimene Chinalira Kuseri kwa Ngatirah

Lemba momwe ndikuyankhuliramu, usakometse. Ukakometsa ndidziwa pondiwerengera, makutu anga sanakalambe.

Ndikufuna kunena za Ngatirah, amene tamuika m'manda mwezi wathawu. Pamaliro anthu amangoti, "Mayi uja anabisa tambala uja." Munthu kukalambira m'kanjira kathu kano ku Magelang, kumwetsa anthu mankhwala moyo wake wonse, n'kumukumbukira ndi tambala basi. Nyumba yanga ndi yake zinagawana khoma limodzi kuseri, ndipo khomalo lili ndi mng'alu. Sindinaupange ndine. Unabwera ndi chivomerezi, ine ndinangoleka kuumata.

Ngatirah anatsika kumapiri ali mtsikana, atakwatiwa ndi mwamuna wopalasa njinga yonyamula anthu. Mwamunayo anali wabwino akagona. Chifuwa chinamutenga msanga, n'kumusiyira mwana mmodzi wamkazi, Murtini, ndi denga lodontha. Ndiye anayamba kugulitsa jamu, zakumwa zathu za mizu zija. Kukacha kusinja chikasu ndi bwemba, kuthira m'mabotolo, mabotolo m'dengu, dengu kumsana, ulendo. Azimayi ankamwa za msana ndi za m'mimba. Koma ndalama yeniyeni inali kwa amuna, amene amafuna chakumwa chowawa chothiramo uchi ndi dzira laliwisi la nkhuku yakumudzi, ati chimapatsa mphamvu. Mphamvu zake ine sindinazionepo mwa mwamuna aliyense wa m'kanjira kano, koma ankalipira. Dzira lakufamu salifuna, amalidziwa ndi maso. Choncho nkhuku zinali miyendo ya Ngatirah.

Chaka cha chimfine cha mbalame nkhuku zonse za kuno zinaphedwa, n'kutiletsa kuweta. Patapita zaka, Ngatirah ndiye anavutitsa akuluakulu. Msonkhano uliwonse wa m'dera, iye pakhomo ndi dengu lake, osayankhula zambiri, kungofunsa kuti, "Nanga nkhuku?" Mpaka Pak Darmaji, bambo Darmaji tinene, wapampando wa dera lathu, anatopa. Anagwirizana kuti munthu aziweta mathadzi asanu, m'khola la waya, koma tambala ayi, ati amasokosa ndipo anyamata amawamenyanitsa pa juga. Wopezeka ndi tambala, nkhuku zake zonse zichoke ndipo asadzawetenso. Anthu anawomba m'manja. Ine ndinangofunsa kuti waya wakeyo tikagula kuti. Kunapezeka kuti mlamu wa Pak Darmaji wangotsegula sitolo ya waya. Lemba zimenezo, sindikuopa.

Mathadzi a Ngatirah anali asanu, ndipo ankawasamala kuposa mmene ena amasamalira amuna awo. Madeya a mpunga, makombo, zotsala za mizu yake. Limodzi linali lofiira, lalikulu, lolusa. Linkadya loyamba n'kumajompha anzake. Ndinkaliona pa mng'alu paja n'kumati, ili likufuna ufumu.

Nthawi imeneyo Murtini anali atakula, akusoka zovala pa sitolo ina kumsika, ndipo anali pa chitomero ndi mwana wa Bu Sundari. Bu Sundari, mayi Sundari tinene, ndi uja wa nyumba ya geti yobiriwira, mkazi wa kalaliki wopuma ntchito. Chitomerocho anachivomera ngati munthu akumeza mankhwala. Mwana wake yekhayo kukatenga mwana wa wogulitsa jamu. Ankangofuna pogwira.

Tsiku lina m'mawa, anthu atabwera kale ku mzikiti, ine ndikuanika zovala, ndinamva kulira kuseri kwa khoma. Kokoli, n'kuthera panjira, mawu osasa ngati nkhalamba yotsamwa. Ndinaika diso pa mng'alu. Thadzi lofiira lija lili pamwamba pa mtanda wa m'khola, khosi tolotolo, likuyesanso. Ngatirah ataima ndi munsi m'manja, osagwedezeka.

Inu ana a masiku ano mumayerekeza kuiwala, koma kuno thadzi likalira ngati tambala ndiye kuti pakhomopo pali mtsikana amene watenga mimba asanakwatiwe. Aliyense amadziwa, ngakhale ovala magalasi. Ine ndinakulira kumudzi. Ndinaonapo thadzi likulira pakhomo pa nkhalamba zokhazokha, chifukwa pomwe palibe tambala thadzi limodzi limadzikweza. Ndinaonaponso likulira pomwe panali mtsikana, ndipo zinali zoona. Ndiye usandifunse kuti ndimakhulupirira ziti.

Linalira m'mawa umenewo, n'kuliranso mawa lake. Mkuja wake Bu Sundari anabwera, munthu amene sanamwepo jamu chibadwire, ati msana ukumuvuta. Ine ndinali pakhonde panga ndikusankha mpunga. Murtini anali pa mpopi akutsuka mabotolo. Bu Sundari anayamba ndi kumutchula Ngatirah kuti Yu, mmene timaitanira achemwali kuno.

"Yu Ngatirah, chimalira m'mawa kwanu kuno n'chiyani?"

"Wailesi, Bu."

"Wailesi yanu ili ndi nthenga?"

"Ndi yakale, imalira zambiri."

Bu Sundari anatembenukira kwa ine, poti kuno onse amanditchula Mbah, ndiye kuti gogo. "Mbah, inu muli khoma limodzi. Simumva?"

"Ine ndimamva mawondo anga okha, Bu. Akamalira amaposa nkhuku."

Anaseka ndi mano okha. Anamwa pang'ono jamu amene Ngatirah anamuthirira, n'kukwinya nkhope.

"Ndangofunsa. Poti tambala ndi woletsedwa, ndipo Yu Ngatirah ndi munthu wosunga lamulo, ndi amene analipempha. Ndiye ngati si tambala…"

Anasiyira pomwepo. Maso anapita kwa Murtini, osati kumaso, kuyambira m'khosi kutsika. Mtsikanayo anapitiriza kutsuka botolo limodzi lomwelo.

Ngatirah analandira kapu yake, n'kuipukuta bwinobwino ndi nsalu.

"Ndi tambala, Bu."

"Tambala?"

"Tambala. Ndinamubisa. Ndimafuna anapiye."

"Ndiye Pak Darmaji ayenera kudzamuona."

"Abwere mawa. Lero ndili ndi anthu ondidikira."

Tsiku limenelo Ngatirah anachoka ndi dengu lake monga mwa masiku onse, koma anabwerera mochedwa, ndipo dengu limene limabwera lopepuka linabwera likumuweramitsa. Analikuta ndi nsalu. Mabotolo opanda kanthu sapuma, koma nsalu imeneyo inkapuma. Podutsa pakhonde panga nthenga yakuda yopindika inali itatulukira pansi.

"Yu, botolo lako lamera mchira," ndinatero.

Anaikankhira mkati ndi chala osaima. "Mbah, mwadya kale?"

"Ndidya chiyani, mphepo?"

Dzuwa lisanalowe anandibweretsera mbale ya nkhuku yophika ndi mkaka wa kokonati. Ngatirah ameneyu sankapatsa munthu ngakhale chikhokho cha mpunga popanda chifukwa. Anaika mbale patebulo n'kukhala pansi, kundiyang'ana ndikudya. Nyama yolimba, ya nkhuku yokhwima. Nditatakasa ndi supuni ndinapeza timazira tachikasu tija timakhala m'mimba mwa thadzi, tosakhwima, tonse anandiikira ine.

"Tambala wako ankaikira mazira," ndinatero.

"Tambala ali m'khola, Mbah, ali moyo. Iyi ndi ndiwo."

"Nanga mwanayu?"

"Mwanayu akusoka zovala."

"Sindinafunse ntchito yake."

"Onjezerani msuzi, Mbah. Pakamwa pakakhala chakudya sipatopa."

Ndinadya yonse. Inali yokoma.

M'mawa mwake tambala analira kokoliriko wathunthu, womveka mpaka kumsewu. Pak Darmaji anabwera atavala malaya ake a batiki ngati akupita ku ukwati, Bu Sundari pambuyo, ndi azimayi ena amene mwadzidzidzi anali ndi zochita m'kanjira kathu. Tonse tinadzaza kuseri. M'khola munali mathadzi anayi atadzikundika pakona, ndi tambala wakuda ataima yekha pakati ngati mlendo amene wasochera pa maliro. Ku miyendo kwake kunali mkwingwirima wa chingwe cha kumsika. Ine ndinauona. Ena ankayang'ana lipombo.

Bu Sundari anawerama n'kumusuzumira.

"Mawu ake asintha. Uja ankalira mosasa."

"Anali ndi chifuwa," anatero Ngatirah. "Ndamumwetsa jamu. Mwaona mmene amagwirira ntchito mankhwala anga?"

Azimayi anaseka. Bu Sundari sanaseke.

"Lofiira lija lili kuti? Anali asanu."

"Linadyedwa. Funsani a Mbah."

Onse anandiyang'ana. Ndinati, "Ine ndinadya nkhuku. Sinandiuze dzina."

Pak Darmaji sanali munthu woipa, anali waulesi chabe, ndipo ankamwa dzira la Ngatirah Lachisanu lililonse. Anakanda m'mutu n'kunena motsitsa kuti, "Yu, tichite chonchi. Tambalayu aphedwe lero, mathadzi akhale. Kulakwa koyamba. Sitinaone kanthu."

Apa ndipo ndinadziwa kuti mayi uja anaganiza usiku wonse. Wina aliyense akanagwada n'kuthokoza. Koma iye ankadziwa nkhuku. Lofiira lapita, tambala apite, m'kholamo mudzuka thadzi lina lofuna ufumu, ndipo likadzalira sipadzakhalanso tambala womunamizira. Ukwati unali udakali kutali.

"Ayi, Pak," anatero. "Lamulo ndinalipempha ndine. Mawa wina adzabisa tambala n'kumati Ngatirah munamusiya. Zichoke zonse."

"Ukudziwa kuti sudzawetanso?"

"Ndinalipo pa msonkhano."

Anazigwira yekha, imodziimodzi, kumanga miyendo, n'kuziika m'dengu lomwe lija. Murtini anafuna kumuthandiza, iye anati, "Pita kuntchito, uchedwa." Anazinyamula kupita nazo kumsika onse akuona, mitu ili panja. Bu Sundari anatsala ataima pa khola lopanda kanthu ngati munthu amene watsegula poto n'kupeza madzi. Madzulo ake kanjira konse kankanena kuti Ngatirah ndi kathyali, wabisa tambala pansi pa mphuno ya wapampando. Za Murtini palibe anatchula.

Kuyambira pamenepo ankagula mazira kwa anthu a kumapiri akabwera nawo, pamtengo wawo, ndipo akapanda kubwera ankathira akufamu. Amuna aja anayamba kunyinyirika, ena anasamukira kwa mtsikana wina wogulitsa panjinga yamoto. Iye anawonjezera njira, kumafika mpaka kutsidya kwa mlatho, msana n'kupindika. Khola sanaliphwasule. Ankaanikamo mizu. Nthawi zina ndinkamuona pa mng'alu akukutumulira makombo a mpunga pansi, kenako n'kukumbukira, n'kutenga tsache.

Pak Darmaji atachoka pa mpando, watsopano anamuuza kuti zakale zinatha, atha kuyambiranso. Anakana. Anati nkhuku zimayankhula kwambiri.

Ukwati unachitika. Bu Sundari anakhala kutsogolo ndi zibangili zake zonse, ndipo anadya kawiri. Murtini ali kwa mwamuna wake mpaka lero, ali ndi makina ake osokera, apongozi ake akudya za m'manja mwake. Mwana woyamba anali wamwamuna, wonenepa, tsitsi lambiri. Bu Sundari yemweyo ndi amene ankayenda khomo ndi khomo kufotokoza kuti kubanja kwawo ana amafulumira kubadwa, ndi magazi amphamvu.

Ngatirah atadwala komaliza ndinkapita kukamusisita miyendo. Tsiku lina tili awiri ndinamufunsa kuti, "Yu, thadzi lija linkanama kapena linkanena zoona?"

Anatsegula diso limodzi. "Munalidya ndinu, Mbah. Lifunseni."

Wasiya kulemba bwanji? Ukufuna kudziwa kuti mwanayo anabadwa patapita miyezi ingati. Ine sindinapite kusukulu, kuwerenga miyezi sindidziwa. Lemba kuti Ngatirah sanawetepo tambala, anangomugoneka usiku umodzi. Zinazo zisiye.