Mpendero wa Atelala

Anzawo a m'kalasi ankawatchula kuti Atelala, chifukwa asanalowe maphunziro a masabata khumi ndi awiri olemba mapulogalamu a kompyuta, mayiwa anatha zaka zisanu ndi zinayi akupalasa makina osokera pakhonde la sitolo ya alamu awo. Makasitomala atathawira ku zovala zosokasoka, anaphimba makinawo ndi nsalu n'kukalembetsa sukulu.

Tsiku loyamba aphunzitsi sanabise mawu: pakutha pa sabata lachitatu, aliyense amene ntchito yake siikuoneka adzabwerera kwawo. Ophunzira ankagwira ntchito awiriawiri pa kompyuta imodzi, wina kutaipa, wina kulozera njira ndi kugwira zolakwika, ndipo lamulo linali kusinthana pakatha theka la ola.

Atelala anawaphatikiza ndi bambo wina wochokera kukoleji, amene anthu anamupatsa dzina loti Liwiro chifukwa cha mmene zala zake zinkathamangira. Ataona mayiwa akusakasaka zilembo ndi zala ziwiri, anaseka mokoma mtima.

"Achemwali, zala zanuzi n'za singano. Inu muziganiza, ine ndizithamanga. Paja chala chimodzi sichiswa nsabwe."

Atelala anaona ngati apeza mlongo. Anasiya zosinthana zija, ndipo tsiku lina mpaka anamusokerera batani la malaya pa nthawi yopuma. Mutu wawo unkagwiradi. Pulogalamu ankaiona ngati diresi, ndipo zigawo zake ankazitcha mayina a ntchito yawo yakale: chigawo cholumikiza zinthu ziwiri chinali msoko, chokonza mongoyembekezera chinali chigamba, ndipo choletsa manambala kupitirira malire chinali mpendero. Liwiro ankataipa mayinawo uku akuseka.

Chimene mayiwa sanachilabadire n'chakuti ntchito ikasungidwa, mbiri yake imalemba dzina la amene wataipa, osati la mwini nzeru.

Lachisanu la sabata lachitatu aphunzitsi anaonetsa mbiri ija pakhoma. Dzina la Liwiro linadzaza khoma lonse. La Atelala silinaoneke ngakhale kamodzi. Atafunsidwa ngati ankasinthana, Liwiro anayankha akuyang'ana pansi kuti iye ankawapatsa mpata, koma mayiwa ankachita mantha, moti nthawi zambiri ankangoonerera.

Wina anganene kuti munthu akapanikizika amalankhula zilizonse, ndipo Atelala anali okonzeka kumukhululukira choncho. Koma atakweza maso kuona pulogalamuyo, anapeza kuti mulibe msoko, mulibe chigamba, mulibe mpendero. Mayina onse anali atasinthidwa m'mawa womwewo kukhala a Chingerezi cha m'mabuku. Mantha amabwera modzidzimutsa. Sakhala pansi n'kumasula ulusi wa mnzake mzere ndi mzere. Mtima wa Atelala unazizira ngati simbi yopanda makala.

Anaimirira pang'onopang'ono.

"Aphunzitsi, munatiuza kuti mbiriyi imasunga ngakhale zimene zafufutidwa. Taibwezani pa dzulo."

Aphunzitsi anatero, ndipo mawu ofufutidwa aja anatulukira pakhoma m'zilembo zofiira. M'kalasi munamveka kalikiliki wa mipando. Kenako aphunzitsiwo anamufunsa Liwiro chifukwa chimene chigawo china chinkatchedwa mpendero, koma iye anangoti linali dzina la nthabwala chabe. Atelala anafotokoza kuti nsalu yosapendera imayamba kusosoka m'mphepete, ndipo pulogalamu nayo imawonongekera m'mphepete momwemo, pa nambala yoyamba ndi yomaliza. Analongosola mzere uliwonse osayang'ana pakhoma.

Sanachotsedwe. Komabe aphunzitsi anawadzudzula pamaso pa onse chifukwa chophwanya lamulo losinthana, ndipo analamula kuti sabata lotsatira azitaipa okha. Liwiro naye aphunzitsiwo anamuchenjeza n'kumupatsa mnzake wina.

Anthu amakonda kunena kuti choonadi chikaoneka, nkhani yatha. Kwa Atelala siinathe, pakuti malo awo anawapulumutsa, koma mlongo uja sanamupezenso. Lolemba anakhala patebulo la pafupi ndi zenera, akugogoda zilembo ndi zala zawo ziwiri, ndipo ntchito iliyonse akaisunga ankayamba aona ngati dzina lawo lalembedwa. Liwiro anabwera n'kuima pambali pawo, atavala malaya omwe aja, batani lili nganganga.

"Achemwali, tingalankhulane?"

"Achemwali anu ndi amene ankangoonerera aja," anatero osachotsa maso pakompyuta. "Ine ndine Atelala, ndipo ndili pa ntchito."