Kafupa Kakufa Komwe Ndinakasiya ku Chipatala

Mwendo wanga unayamba kupweteka pansi pa bondo lamanzere, kutsogolo kumene fupa lili pafupi ndi khungu. Ndinali mu Sitandade 5 ku Mamelodi, dera la anthu akuda m'dziko lachilendo kumene makolo anga anapita kukagwira ntchito, m'nyengo yozizira, ndipo ndinali nditagwera pa simenti ya pampopi ndikutunga madzi. Panalibe bala, choncho ndinkayesa kuti zitha zokha. Patapita masiku, thupi linayamba kutentha usiku ndi usana, mwendo unatupa n'kumanyezimira, ndipo sindinkathanso kuuponda pansi.

Tinkakhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya anthu ena. Abambo ankagwira ntchito ya m'galadeni m'tauni. Amayi ankagona kuntchito ya m'nyumba ku dera lina lotchedwa Laudium ndipo ankabwera Lamlungu lokha. Ataona mwendowo, Amayi anati ndaponda mankhwala oikidwa panjira. Anaitana bambo wina wakwathu ku Mulanje, a Nakoma, amene ankadziwa kutema mphini. Ananditema ndi lezala kuzungulira chotupacho n'kupakamo mankhwala akuda onga mwaye. Makolo anga ndi anthu opemphera, ndipo anachita zimenezi chifukwa chondikonda. Ndi zomwe ankadziwa.

Mphini ziwiri sizinapole. Zinalumikizana n'kukhala chilonda chimodzi chaching'ono koma chakuya, ndipo mafinya anayamba kutuluka osalekeza. Kutentha thupi kunachepa, mwakuti tonse tinkati matenda akutuluka. Ndinabwerera kusukulu ndikutsimphina, nditamanga nsanza m'kati mwa sokosi. Pofika masana sokosiyo inkakhala itanyowa, yachikasu, itamatirira pakhungu. Fungo lake sindingathe kulifotokoza bwino. Linali ngati la nyama yoiwalika m'poto, koma linkachokera mwa ine. Mtsikana amene ndinkakhala naye pa desiki anasuntha, atagwira pamphuno, nati, "Sies!" Sindinamukwiyire. Nanenso ndikanatha kudzithawa ndikanathawa. M'buku lomwe ndimalembamo za tsiku lililonse ndinangolemba kuti, "Ntchentche zinanditsata mpaka m'kalasi."

Aphunzitsi ndi amene anatumiza uthenga kwa Abambo kuti ndisabwerenso ndisanaonane ndi dokotala. Tinalawirira ku chipatala chachikulu cha anthu akuda, ndipo tinakhala pa benchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Anthu ankasiya mpata mbali zonse ziwiri za pamene ndinakhala. Nesi atamasula nsanzazo, anayang'ana mphinizo, kenako anayang'ana Abambo. Anandijambula ekisire n'kundigoneka m'wodi ya ana a matenda a mafupa.

Dokotala wathu anali mayi wamtali wolankhula motsitsa, amene ankachitanso kafukufuku wa mmene mafupa a ana amakulira ndi kudzikonzera okha. Anaika chithunzicho pawindo kuti tione. Anati tizilombo tinalowa m'kati mwa fupa kudzera m'magazi, mafinya anatseka njira za magazi, ndipo mbali ina ya fupa inafa. Pachithunzipo inkaoneka ngati kachidutswa koyera kwambiri, kopyapyala. Kuzungulira kachidutswako kunali ngati nkhungu, ndipo anati limenelo ndi fupa latsopano lomwe thupi langa linkamanga. Koma kakufako kakanakhalabe m'katimo, mafinya sakanatha. Nesi wina wa mtundu wa Apedi a m'dzikomo, wonenepa ndi wanthabwala, ndi amene ankatimasulira, kusakaniza zilankhulo mpaka timve. Apa sanaseke. Anati, "Akuti zikapitirira kukwera m'mwamba, adzadula pansi pa bondo."

Moyo wa m'wodi unali wofanana tsiku ndi tsiku. Kusanache ankatidzutsa kuti atiyeze kutentha. Kenako kunkabwera kangolo kotsukira zilonda, ndipo phokoso la mateyala ake lokha linkandiyambitsa nseru. Ankathira madzi amchere m'chilondamo n'kufinya mpaka mbale yachitsulo itadzaza. Chifukwa cha kafukufuku uja, ankanditenga magazi kawirikawiri, ndipo masiku ena mkodzo wanga wonse wa tsiku lathunthu unkasungidwa m'chibotolo pansi pa bedi, kuti aone kuchuluka kwa mchere womanga mafupa umene thupi linkataya. Alendo akabwera ndinkachiphimba ndi thaulo. Ophunzira zaudokotala ankazungulira bedi langa, ena akupuma ndi pakamwa kuti asamve fungo, ine n'kumangoyang'ana kudenga. Phala ndinkalibweza chifukwa linkafanana ndi za m'mbale ija.

Mankhwala oyamba a m'diripi sanathandize kwenikweni. Dokotala anati afunika kuchita opaleshoni, achotse kafupako n'kukatumiza kokapima, kuti adziwe mtundu weniweni wa tizilomboto ndi mankhwala omwe angatiphe. Anapemphanso kuti chotsalacho asunge pophunzitsira. Linali Lamlungu, ndipo Amayi anali atabwera molunjika kuchokera ku Laudium. Opaleshoniyo anavomera, koma zosiya fupalo anakana.

"Kwathu mchombo wa mwana timakwirira," anatero. "Ngakhale tsitsi sititaya pamtunda. Ndiye fupa la mwana wanga, ali moyo, likakhale m'manja mwa anthu osawadziwa? Achotse, andipatse, ndikalikwirire ndekha. Apo ayi, asamugwire."

Nesi uja anati, "Eish, Mma, inu mukufuna kukwirira kafupa, kapena mwendo wonse?"

Amayi anangomanga nkhope. Abambo ankapotokola chipewa chawo. Dokotala anati sadzachita kanthu popanda chilolezo, koma popanda kupima adzakhala akungolota mankhwala, ndipo nthawi inali kutha.

Ine ndinali ndisanawayankhepo Amayi pagulu chibadwire. Ngakhale m'kalasi mawu anga sankamveka kumbuyo. Koma nthawi yomweyo mafinya anali atadutsanso bandeji n'kuyenderera pa nsalu ya pabedi, ndipo fungo linakwera mpaka kukhosi kwanga. Ndinakoka bulangete n'kuwaonetsa.

"Amayi, nunkhizani," ndinatero. "Chimenechi si ine ayi. Chinafa kale, ndipo ndatopa kugona nacho. Mukakachikwirira kuseri kwa chipinda chathu, ine sindidzagonamonso. Atenge."

Amayi anawerama, ndipo ndinaona kuti nawonso zawafika pamtima, ngakhale anayesetsa kubisa. Kenako anapukuta nsalu ija ndi mpango wawo wa m'manja, nauza nesiyo kuti, "Auzeni atenge. Koma asalembepo dzina lake lachibadwidwe."

Opaleshoni inachitika sabata yomweyo. Anandimanga chikhakha kuchokera m'ntchafu mpaka kuphazi, chokhala ndi kawindo kotsukulira chilonda. M'kati munkayabwa ndi kununkha thukuta, koma fungo lakale lija linayamba kuchepa. Zotsatira za kupima zitabwera anasintha mankhwala, ndipo m'mbale yachitsulo munayamba kutsala madzi ofiirira okha. Tsiku lina dokotala anandibweretsera kabotolo kokhala ndi nambala. Kafupako kanali kotuwa, kodyekadyeka ngati mtengo wofumbwa, kosatalika kuposa chala changa chaching'ono. Ndinasanza. Nesi wanthabwala uja anaseka, nati, "Ngwanaka, mwana wanga, ukumusanzira mlendo wako atapita kale?"

Ndinakhala m'chipatala mpaka mitengo ya jakaranda itachita maluwa. Pa zithunzi zotsatira, nkhungu ija inkalimba pang'onopang'ono n'kudzaza mpata womwe unatsala. Ndinatuluka ndi ndodo ziwiri, kenako imodzi. Kalasi ndinabwereza.

Tsopano ndili ku sekondale ndipo ndimayenda wapansi kupita ndi kubwera. Ndili ndi chipsera chachitali chonyopoka pakati, ndi timphini tating'ono kuzungulira. Kukazizira mwendowo umawawa pang'ono, ndipo ndimapitabe kukajambulitsa akandiitana, chifukwa akuti matendawa amatha kubisala n'kudzabweranso.

Ndalemba izi chifukwa cha ana ena ndi makolo awo. Mwana akamadandaula kuti fupa likupweteka, thupi likutentha, ndipo akukana kuponda pansi, musadikire kuti pachite chilonda, ndipo musatemepo. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Dokotala anandiuza kuti ndikanafika sabata yoyamba ija, mwina fupa silikanafa n'komwe.

Amayi safunsanso za kabotolo kaja. Koma tsiku lomwe ndinatuluka anatenga sokosi yanga yachikasu ija, yomwe anali ataisunga m'pepala nthawi yonseyi, n'kukaikwirira kuseri kwa chipinda. Ine ndinaima patali nditatsamira ndodo, ndi miyendo yanga yonse iwiri.