Anaseka pa Lole ya Maliro

Kwa Mavwere, mukapatuka pa phula n'kutsata njira ya fumbi yodutsa m'minda ya mtedza, mupeza nyumba ya njerwa zootcha, pakhomo pali mtengo wa mango wopendama. Ndi kwa mayi Consolata ndi amuna awo, bambo Kefasi. Dzina loti Consolata limamveka kutchalitchi kokha. M'mudzimo aliyense amati Amake Limbikani. Ndi mayi wamfupi, wa mapewa a khasu, ndipo mukamalankhula nawo maso awo amakupitirirani, ngati kumbuyo kwanu kukudutsa chinachake.

Chaka chimene ndinabwerako ku Joni ndinapeza dzina lawo lili pakamwa pa aliyense, koma monong'ona. Iwo ndi amayi anga ndi a mphakati umodzi, kagulu ka mabanja oyandikana kamene kamapemphera limodzi ndi kuthandizana pa zovuta. Zimene ndikulembazi zina ndinamva kwa amayi anga, zina kwa eni ake.

Anabadwira kutsidya kwa dambo, n'kukwatiwa kuno pa chitengwa ali mtsikana. Ngakhale pa tsiku la ukwati wawo sanakwere galimoto. Anakwera koyamba mwana wawo Limbikani ali kumsana, pamene azakhali a bambo Kefasi anamwalira ku Kapiri ndipo mudzi unabwereka lole. Amayi anzawo anakhala pansi m'lolemo, atafunda zitenje kumutu chifukwa cha fumbi. Iwo malo anasowa, nde anaimirira pakona, kuseri kwa dalaivala, atagwira chitsulo.

“Ndinaona zigafa za fodya zitandandalika mpaka maso kutopa,” anandiuza. “Ndinaona mlatho. Ndinaona mzimayi akuyendetsa thirakitala, duku lili kumutu ngati ine. Pofika pa siwa miyendo inkanjenjemera. Anthu ankati ndi chisoni.”

Mayi wa kumudzi sangadzuke m'mawa n'kunena kuti ndikukaona kumene msewu uwu ukuthera. Amapita kumunda, kuchigayo, kusikelo ya mwana, kumsika. Akapitirira pamenepo ayenera kufotokoza, kwa mwamuna, kwa apongozi, kwa aliyense wokumana naye panjira. Ulendo wautali umene palibe angauletse ndi wa maliro. Amake Limbikani anazindikira zimenezi tsiku lomwelo, ndipo kuyambira pamenepo lole ya zovuta sinawasiyepo.

Musaganize kuti ankangokwera. Pa maliro ankagwira ntchito kuposa eni mbumba: kutunga madzi, kutsuka miphika ikuluikulu ija, kukhala ndi namfedwa pamene ena atuluka kukapuma. Nyimbo ikafooka ankaidzutsa ndi iwo. Misozi yawonso sinali yobwereka. Koma popita ndi pobwera, malo awo anali pakona paja. Mwanjira imeneyi anafika ku Mkanda, ku Tembwe, ku Namitete, ngakhale ku Kasungu. Zimene aona ankafotokozera munthu mmodzi yekha, amuna awo, akusenda mtedza pakhonde. Bambo Kefasi ankangoti, “Eya,” osadzutsa mutu, koma sanawadulepo mawu.

Popeza lole sidikira munthu, anali ndi chikwama chakuda chokhala chokonzeratu, chopachika pa msomali kuseri kwa chitseko: zitenje, sopo, kapu, mpango. Uthenga ukangofika, anzawo akufunafuna nsapato, iwo anali atafika kale pa mtengo wokwererapo. Kwa zaka zambiri anthu ankawayamikira nazo. Ankati, koma mayi uyu ndi wa mtima.

Zinasintha ndi maliro a Ivy. Ivy anali mtsikana wa ku Zambia amene anakwatiwa ndi mwana wa mayi Tabeth, mtsogoleri wa amayi mumphakati. Anamwalira pobereka mwana wake woyamba, khandalo n'kutsala. Abale ake anapempha kuti akaikidwe kwawo, kupitirira Chipata, ndipo mudzi unanyamula bokosi kukapereka.

Kunali kozizira, chimanga chili m'nkhokwe. Pa boda anakhalitsa, amuna akuyenda ndi mapepala uku ndi uku, mathiraki atafola, osintha ndalama akuzungulira lole mpaka ataona bokosi n'kubwerera okha. Amake Limbikani anali asanawolokepo. Atadutsa boda ya Mwami, amayi anayambitsa nyimbo, ndipo inatha pamene msewu unakhota. Kutsogolo kunatseguka. Mapiri mbali zonse, tawuni ili pakati ngati ufa m'lichero, malata akunyezimira mpaka m'mapiri momwemo.

“Ha! Koma dziko ili!” anatero Amake Limbikani, n'kuseka.

Sikunali kuseka kwakukulu. Koma nyimbo inali itangotha, ndipo mayi Tabeth anali atakhala pomwepo, dzanja lili pa bokosi. Anadzutsa mutu n'kuwayang'ana.

Atabwerera kumudzi, anthu anayamba kukumbukira. Maliro ati amene mayiyu anajombapo? Nanga chikwama chija, amachikonza bwanji uthenga usanafike? Amadziwa bwanji? Ndani amapita ku zovuta nkhope ili gwa, n'kubwerako maso akuwala ngati wadya zonona? Liwu lenilenilo palibe amene analitchula pamaso pawo, koma kuno aliyense amadziwa munthu amene amakondwa ndi mitembo kuti amatchedwa chiyani. Pa mjigo, akaika ndowa yawo pamzere, ndowa zoyandikana zinkasuntha. Ana analeka kudzatola mango. Kenaka Faith, mkazi wa Limbikani, analeka kubweretsa kamwana kake m'mawa popita kudimba. Anayamba kukabereka kumsana, dzuwa lonse, m'malo mokasiya kwa agogo ake.

Mphakati unaitanitsa msonkhano wa amayi kuti nkhaniyi ikambidwe. Dzulo lake masana, bambo Kefasi anawapeza akazi awo kuseri kwa nyumba akupeta.

“Amake Limbikani, mawa mukanene kuti mutu unazungulira. Mukati chisoni chinakukwerani, simunadziwe chimene mukuchita. Zimachitika.”

“Nanga chikwama?”

“Chikwama tichotse pa msomalipo. Mukhale pansi mpaka mvula igwe, maliro awiri atatu akudutseni. Aiwala. Mukatero mudzakweranso lole yanuyo.”

“Aiwala, kapena azingoti mfiti ija yaopa?”

“Nde mukufuna mukanene chiyani? Kuti mumakaona malo? Pa maliro a anthu?” Bambo Kefasi anavula chipewa n'kuchivalanso. “Zimenezo mumauza ine. Ine ndinazolowera. Tabeth sanazolowere.”

Njira zinali ziwirizo. Akanama, lole idzawatenganso, koma dzina lija lidzawatsata mpaka kwa adzukulu awo. Akanena zoona, dzinalo lingachoke, koma lole ayiiwale.

Anakumana pakhonde la mayi Tabeth, Lachinayi masana. Khanda la Ivy linali m'manja mwa agogo akewo, likuyamwa botolo. Atapemphera, mayi wina wachikulire anazungulira ndi mawu, za mtendere, za kukhala bwino m'mudzi, mpaka mayi Tabeth anamudula.

“Tisataye nthawi. Amake Limbikani, munaseka chiyani pa bokosi la mwana wanga?”

Amake Limbikani anagwada pa mkeka, manja pa maondo.

“Sindinaseke bokosi, amayi. Ndinaona mapiri. Sindinaganizepo kuti kuseri kwa boda kuli malo otere, nde pakamwa panatseguka pokha. Ndinalakwa, ndipo ndikupepesa. Koma popeza mwandiitana, ndinene zonse. Ine ndimakonda msewu. Chikwama chija chimakhala chokonzeka chifukwa ndimaopa kutsala. Sindidziwa amene amwalire mawa, sindinadziwepo. Uthenga ukabwera ndimamva chisoni ngati inu nonse. Koma akati maliro ali kutali, pansi pa chisonicho pamakhala kanthu kena kakudumpha. Ndakhala nako kuyambira Limbikani ali kumsana. Kwina kulikonse ndinafika m'moyo wanga, anandifikitsa ndi akufa.”

Amayi anga akuti mayi Tabeth anachotsa botolo pakamwa pa khanda.

“Ndiye kuti Ivy anali tikiti yanu,” anatero mayi Tabeth.

“Ayi, amayi. Ivy ndinamusambitsa ndine.”

“Ndikudziwa. N'chifukwa chake zikundiwawa.” Mayi Tabeth anasintha khanda dzanja. “Bola mukanakhala chimene anthu akunenacho. Tikanaitana abambo mfumu, akanakupemphererani. Nanga izi tipempherere chiyani?”

Wina kumbuyo anati, “Komatu fumbi lonse lija, inu mumaona kukoma?” Ena anafuna kuseka, n'kudzigwira. Mayi wina anati naye amasuzumira nthawi zina, koma atayang'anidwa anati amasuzumira kuti aone ngati afika.

Anagwirizana kuti mayiyu si woopsa. Anagwirizananso kuti pa maliro a kutali asamakwerenso lole. Azitsala kumudzi, kuyang'anira ana a amene apita ndi kutunga madzi oti adzasambe pobwera. Mayi Tabeth anati si chilango. Anati sangathe kukhalanso pafupi ndi bokosi akudziwa kuti pamwamba pake paima munthu amene akuwerenga mapiri.

Ine nditamva ndinapsa mtima. Ku Joni kumene ndinali, anthu amasungira Loweruka zimenezi: amanyamula madzi m'botolo, kukwera phiri, kujambulitsa, kutsika, ndipo palibe amene amawafunsa kuti kwagwanji. Ndinauza amayi anga kuti mudzi walanga munthu chifukwa chokhala ndi maso.

“Iwe sunaikepo mwana,” anatero amayi anga. “Ukadzaika, udzandiuze ngati ungafune kumva munthu akuyamikira dziko.”



M'mawa mwake Faith anabwera ndi kamwana, n'kukatsitsa pakhonde osanena zambiri. Anangoti, “Kadya kale phala.” Pa mjigo ndowa zinaleka kusuntha. Moni anabwerera, ngakhale anali wouma. Ena mpaka lero amati, “Muli bwanji, a pasipoti?” ndipo iwo amayankha bwinobwino.

Lole yoyamba kuwasiya inali yopita ku Mkanda, mwezi wotentha, minda itapsa. Anaima pakhomo, mdzukulu ali kumsana, ana a anthu ena atatu akusewera m'fumbi. Lole inadutsa pang'onopang'ono. Amayi onse anali pansi, mitu yofunda, palibe ndi mmodzi yemwe amene anayang'ana kunja. Pakona paja panali thumba la ufa. Amake Limbikani anaiyang'ana loleyo mpaka fumbi litakhazikika, n'kutenga ndowa. Tsiku limenelo bambo Kefasi akuti pakhonde panalibe nkhani, ndipo mtedza unawatalikira kusenda.

Patapita masiku, Loweruka lina m'mawa, ndinali pa golosale ya pamphambano pamene ndinawaona akubwera. Bambo Kefasi anali atapopa njinga yawo yakale yonyamulira mabelo a fodya, atayala chitenje chopinda pa kaliyala. Akazi awo anakhala chammbali, atavala nsapato za kutchalitchi. Bamboyo maondo anawatha kalekale ndi ntchito ya fodya, ndipo pa kachitunda ka pagolosale njinga inayamba kuyenda ngati yoledzera, mpaka inaima.

Amuna amene ankasewera bawo pagolosalepo anadzuka, zipewa m'manja. “Kwagwanji, a Kefasi? Ndani?”

“Palibe,” anatero bambo Kefasi, akupuma movutika. “Khalani pansi.”

“Nanga kuchipatala?”

“Tili bwino tonse. Amake Limbikani akuti kumtsinje wa Bua kuli malo ena amene madzi amadutsa pa mwala. Anangowaonera patali ali pa lole. Nde akuti tikaone mwalawo.”

“Mwala?”

“Mwala.”

Amake Limbikani anali atatsika. Anamanga chitenje chawo molimba, n'kugwira chiwongolero.

“Tsikani, bambo, musandifere panjira. Anthu anganenenso zina.”

“Inu mundinyamule ine? Pamaso pa anthu onsewa?”

“Matumba a chimanga ndimapita nawo kuchigayo amalemera kuposa inu. Ndipo salankhula.”

Bambo Kefasi anayang'ana amuna a pa bawo, anayang'ana njira yobwerera kunyumba. Kenaka anakhala pa kaliyala, miyendo yaitali ija ili lendelende, dzanja limodzi litagwira chipewa. Wina anaimba mluzu. Mayiyo sanacheuke. Anakankha ndi phazi kawiri, njinga inagwedera, n'kuwongoka, ndipo anatsetsereka kulowera kudambo.